Ankhoswe, musafulumire kusainira chisudzulo cha ana athu okwatiwa ndi asilikali a ku Britain

Akonzi,

Ndiloleni ndidzere m'nyuzipepala yanu kuti ndilankhule ndi makolo, amalume ndi ankhoswe a kwathuko amene ana awo aakazi anakwatiwa ndi anyamata athu ogwira ntchito yausilikali kuno ku Britain. Ine ndine mayi wa ku Ntcheu, ndimakhala m'dera la Wiltshire kufupi ndi kampu ya Tidworth. Bambo a kunyumba kwanga anagwira ntchito m'gulu lankhondo la dziko lino mpaka kupuma, ndipo popeza tinafika kuno kale, maanja achichepere akayambana amathamangira kwathu. Chimene chandilembetsa kalatayi ndi ichi: banja la msilikali likathera kukhoti la ku Malawi, boma la kuno limavomereza kuti banjalo lathadi, ndipo mayi sawerengedwanso kuti ndi mkazi wa msilikali. Koma pepala lomwelo lilibe mphamvu yogawa penshoni ya mwamunayo, ngakhale tambala imodzi. Anthu ambiri kumudzi sadziwa zimenezi, ndipo ana athu akuvulala nazo.

Amalawi kuvala yunifolomu ya Britain si za lero. Agogo athu anamenya nkhondo ziwiri zikuluzikulu ali m'gulu la King's African Rifles, ndipo chipilala chowakumbukira chikadalipo ku Zomba. Koma amene ndikunena ine ndi anyamata amene analowa boma la Britain litafewetsa lamulo mu 1998, kuti nzika za mayiko a Commonwealth zizilembedwa usilikali popanda kuyamba zakhala kuno zaka 5. Mwayi umenewu unaimitsidwa mu 2013, n'kubwezeretsedwa mu Novembala 2018. Amene analowa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, aja anapita ku Iraq ndi ku Helmand m'dziko la Afghanistan, ndiwo akukwanitsa zaka 22 za ntchito tsopano lino n'kumapuma. Penshoni zawo zapsa, ndipo maanja ena akutha pa nthawi yomweyi.

Anthu kumudzi akamva kuti mkamwini ndi msilikali ku UK, maganizo amathamangira ku nyumba ndi galimoto. Chilungamo chake n'chakuti maanja ambiri a asilikali sagula nyumba msanga, chifukwa amakhala m'nyumba za boma za lendi yotsika ndipo amasamutsidwa pakangopita zaka ziwiri kapena zitatu. Chaka chino muli ku Catterick, kenaka ku Aldershot, kenaka ku Cyprus. Ife akale tinakhalako ndi ku Germany. Mkazi akangoyamba kuzolowera ntchito, kalata yosamuka yafika. Akayamba maphunziro a unamwino, amawasiyira panjira. Mwamuna akapita kunkhondo miyezi 6, iye ndiye mayi, ndiyenso bambo, usiku kugona foni ili m'manja. Pofika zaka 20 mkaziyo alibe penshoni yakeyake yolozeka, ndipo nkhokwe yokhayo imene awiriwa adzaza limodzi ndi penshoni ya mwamuna.

Penshoni imeneyi si yamasewera. Msilikali sadulidwa kanthu pamalipiro ake kuti aipeze. Ilipo mitundu itatu malinga ndi nthawi imene munthu analowa, AFPS 75, AFPS 05 ndi AFPS 15, ndipo kuyambira pa 1 Epulo 2022 onse amene akadali pantchito zaka zawo zikuwerengeredwa mu AFPS 15. Msilikali wa mu AFPS 15 akamwalira ali pantchito, pamatuluka ndalama ya nthawi imodzi yofanana ndi malipiro ake a zaka zinayi, ndipo mkazi wamasiye amalandira 62.5 peresenti ya penshoni moyo wake wonse. Koma amene amalandira penshoni ya umasiyeyo ndi amene ali mkazi wake pa tsiku la imfa. Wosudzulidwa salandira, ngakhale akhale kuti anapirira pabanjapo zaka 20 n'kusudzulidwa mwezi wathawu.

Ndinene za mayi wina wa ana awiri amene tinkapemphera naye. Banja lawo linali litayamba kale kugwedezeka, zimenezo sindibisa, ndipo sindinalembe kuti ndiweruze wolakwa. Mwamuna anatenga tchuthi cha Khirisimasi n'kupita kumudzi yekha, akuti kukaona mayi ake. Ali konko anakasuma kukhoti kuti banja lithe. Chisamani anakachisiya kwa malume a mkaziyo. Malumewo, poona kuti mkamwini wafika mwaulemu, wagwada, walonjeza kumanga nyumba ya malata pamudzipo monga mwambo wa chikamwini umanenera, anavomera kukaimirira mwana wawo. Foni anamuimbira ndithu, koma anangomuuza kuti, "Mwanawe, nkhani zako tikukonza kuno, usade nkhawa." Patapita miyezi, mayiyu ali pa shifiti ya usiku kunyumba yosamalira okalamba, foni inalira. Chinali chithunzi pa WhatsApp, pepala la chidindo cha khoti lojambulidwa lili pamphasa, chala cha wojambulayo chikuoneka pakona. Banja latha. Mayiyo apatsidwe nyumba ya zipinda ziwiri kumudzi, chipukuta misozi cha makwacha, ndi ndalama ya ana mwezi ndi mwezi. Za penshoni munalibe liwu ndi limodzi lomwe, chifukwa panalibe anaitchula, ndipo woweruza sangagawe chinthu chimene sanauzidwe kuti chilipo.

Anafika kwathu m'mawa mwake asanavule n'komwe zovala za kuntchito. "Amayi, kodi pepala la ku Malawi lingagwire ntchito kuno? Ine ndili kuno, ana ali kuno, ndinakhala liti pamaso pa woweruza?" Ambiri amafunsa chomwecho, ndipo yankho lake ndi lowawa: limagwira.

Lamulo la kuno lotchedwa Family Law Act la 1986, pa gawo 46, limati chisudzulo chochitikira kunja chivomerezedwe ngati chinadzera m'khoti kapena m'ndondomeko ina ya boma, ngati chili ndi mphamvu m'dziko limene chinachitikiralo, ndiponso ngati pa tsiku losuma mmodzi mwa awiriwo anali nzika ya dzikolo, kapena ankakhala kumeneko, kapena ndiko kwawo kokhazikika. Mmodzi yekha akwanira. Ndiye kuti msilikali wa pasipoti ya Malawi akasuma ku Malawi, mfundo imeneyi yakwaniritsidwa ngakhale onse awiri akhala ku England zaka 15. Gawo 51 limalola khoti la kuno kukana chisudzulocho ngati winayo sanadziwitsidwe moyenera kapena sanapatsidwe mpata woyankhapo. Apa ndi pamene siginecha ya malume imapwetekera mwana wawo yemwe, pakuti mwamuna amangoonetsa kuti akuchikazi anadziwa, anabwera kukhoti ndipo anavomera. Kuti mkazi atsutse zimenezo afunika loya, ndipo maloya a kuno amalipiritsa pa ola.

Za nyumba sizidikira n'komwe chisudzulo. Msilikali akangokanena kuofesi kuti iye ndi mkazi wake asiyana, mkazi amalandira kalata yomupatsa masiku 93 kuti atuluke m'nyumba ya boma, ndipo masikuwo akatha iye ali momwemo, ndalama yolipira imakwera. Tinapita azimayi a kutchalitchi kukamuthandiza mayi uja kukwecha uvuni ndi kumata mabowo a misomali m'makoma, pakuti nyumba za asilikali amayamba aziyendera chipinda ndi chipinda asanalandire makiyi. Mwayi wake unali wakuti anali atapeza kale chilolezo chokhala m'dziko muno mpaka kalekale. Atsikana amene angobwera kumene mwayi umenewo alibe. Visa ya mkazi wa msilikali ndi ya zaka 5 ndipo imadalira banjalo. Likatha zakazo zisanakwane, a Home Office, unduna woona za anthu olowa m'dziko muno, ayenera kudziwitsidwa ndipo visa itha kufupikitsidwa. Njira zina zokhalira zilipo, monga ya mayi wothawa nkhanza za m'banja, kapena ya kholo la mwana amene ndi nzika ya Britain. Paja mwana wobadwira kuno kholo lake lili pantchito yausilikali, kuyambira pa 13 Januwale 2010, amakhala nzika chibadwire. Koma zonsezi zimafuna munthu adziwe msanga zimene zikuchitika, osati kudzidzimutsidwa ndi chithunzi pakati pa usiku.

Tsopano ndifike pa penshoni penipeni. Kuyambira pa 1 Disembala 2000, makhoti a kuno ali ndi mphamvu yodula gawo la penshoni ya mmodzi n'kulilemba m'dzina la mnzake banja likamatha. Chigamulo chimenechi amachitcha pension sharing order. Mkazi akachipeza, gawolo ndi lake mpaka imfa. Mwamuna wakaleyo amwalire, kaya iye akwatiwenso, palibe angamulande. Amangodikira msinkhu woyambira kulandira. Koma a Veterans UK, amene amayendetsa penshoni za asilikali kuchokera ku Glasgow, amatsata chigamulo cha khoti la ku UK lokha. Woweruza wa ku Lilongwe kapena ku Blantyre, ngakhale wa Khoti Lalikulu, atalemba momveka bwino kuti mkazi alandire theka, pepala limenelo silingasunthe ndalama kuno. Si kunyoza makhoti athu ayi, pakuti chigamulo cha ku Australia kapena cha ku America nachonso pachokha sichigawa penshoni ya kuno. Ndime 24 ya Malamulo oyendetsera dziko la Malawi imalonjeza mayi gawo loyenera la katundu wa banja ukwati ukatha, ndipo mu 2015 tinapeza lamulo latsopano la maukwati ndi kutha kwa mabanja. Ndi malamulo abwino, koma mphamvu yake imathera pamalire a dziko lathu.

Njira yotsala kwa mayi wosudzulidwa kunja ili mu lamulo lina, Matrimonial and Family Proceedings Act la 1984, chigawo chachitatu, limene limamulola kupempha khoti la ku England kuti liunikenso za chuma. Mlandu wodziwika pankhaniyi ndi wa a Agbaje, banja la ku Nigeria limene linakhala zaka 38. Mwamuna anakasuma kwawo, khoti la kumeneko linapatsa mkazi ufulu wokhala m'nyumba ya ku Lagos moyo wake wonse ndi ndalama yochepa, nyumba ziwiri za ku London n'kutsala kwa mwamuna. Mayiyo anasuma kuno, ndipo mu 2010 khoti lalikulu kuposa onse ku UK linagamula kuti alandire gawo la ndalama za nyumba imodzi ya ku London, pafupifupi £275,000. Mlandu umenewu watsegulira amayi ambiri a ku Africa njira.

Koma njirayi ili ndi minga. Munthu amayamba wapempha kaye chilolezo choti asume, ndipo ayenera kuonetsa chifukwa chogwira mtima. Pafunikanso kuti mmodzi mwa awiriwo akhale kuti kwawo kokhazikika ndi ku England kapena ku Wales, kapena anakhalako chaka chathunthu chofika pa tsiku la chisudzulo kapena pa tsiku losuma. Amene amandimvetsa chisoni kwambiri ndi maanja amene anabwerera kumudzi mwamuna atapuma ntchito, n'kudzasiyana patapita zaka ali ku Lilongwe kapena ku Mzuzu. Penshoni imabwera mwezi ndi mwezi kuchokera ku UK, khoti la ku Malawi silingaidule, ndipo khoti la ku England litha kunena kuti awiriwa salinso anthu ake. Chinanso n'chakuti mkazi akangokwatiwanso asanasume, basi, ufulu wosumawo watha, ndipo ukwati wa pachinkhoswe wovomerezeka ndi malamulo a kwathu nawonso kuno amauwerenga kuti ndi ukwati. Choncho inu azakhali amene mumafulumira kumupezera mwana mwamuna wina kuti aiwale mavuto, yambani mwafunsa ngati za penshoni zatha. Kwa amene ali m'makampu a ku Scotland malamulo ndi osiyanako, ndipo kumeneko munthu ayenera kusuma zisanathe zaka 5 chithereni banja.

Mayi uja anadzera njira imeneyi ndipo gawo lake la penshoni analipeza, koma inamudyera nthawi yaitali ndi ndalama zimene ankasungira maphunziro a ana. Nkhani yonse ikanayambira kuno, chisudzulo ndi za chuma zikanayendera limodzi. Kuyambira pa 6 Epulo 2022, ku England ndi ku Wales munthu sasowekanso kuonetsa kulakwa kwa mnzake kuti banja lithe. Amadikira masabata 20 kuti alandire chigamulo choyamba, kenaka masabata ena 6 kuti apemphe chomaliza. Maloya amalangiza kuti chomalizacho chisatengedwe za penshoni zisanagamulidwe, chifukwa msilikali atamwalira pakati pa mlandu, mayiyo amakhala akadali mkazi wake ndipo penshoni ya umasiye ndi yake. Chisudzulo cha kumudzi chimamulanda chitetezo chimenechi iye osadziwa.

Palinso mbali ina imene imavulaza amuna ndi akazi omwe. Nthawi zina nkhani sifika n'kukhoti komwe. Ankhoswe a mbali ziwiri amakhala pansi, amamva madandaulo pa foni, amagwirizana kuti banja latha, n'kubalalika. Pamudzi zimenezo zimakwanira, aliyense amadziwa kuti awiriwa asiyana. Kuno ayi. Chisudzulo chosadzera m'khoti sichivomerezedwa ngati mmodzi mwa awiriwo wakhala ku UK chaka chonse chapitacho, ndipo limenelo ndilo pafupifupi banja lililonse la msilikali. Chimodzimodzi akulu a mpingo kapena a kwathu akathetsa banja ali pabalaza ku Andover kapena ku Colchester: gawo 44 la lamulo lija la 1986 limati m'dziko muno khoti lokha ndilo limathetsa ukwati. Ndiye mwamuna amayesa kuti ndi mfulu, amapita kumudzi n'kukwatira mtsikana wina, pofuna kumutengera visa n'kupeza kuti ukwati woyamba ukadalipo. Akamwalira zili choncho, wamasiye ndi mkazi woyamba uja amene anasiyana naye kalekale. Wachiwiri, amene anamudwazika mpaka kumutseka maso, sangalandire ngakhale monga bwenzi lokhala nalo m'nyumba, chifukwa malamulo a penshoni amafuna kuti awiriwo akhale oti akanatha kukwatirana. Ana okha ndiwo ali ndi gawo lawo. Mtsikana ameneyonso ndi mwana wa munthu, ndipo makolo ake ayenera kuona pepala la khoti asanalandire mkamwini wotere.

Ku America, kumene Amalawi ena analowa usilikali atapeza green card, chilolezo chokhazikika m'dzikolo, nkhani ndi yofananako. Lamulo la 1982 lotchedwa Uniformed Services Former Spouses' Protection Act limalola makhoti a m'zigawo za dzikolo kugawa penshoni ya msilikali, ndipo ofesi ya DFAS, yoona za malipiro a asilikali, imalipira mkazi wakale mwachindunji ngati zaka 10 za banja zinakumana ndi zaka 10 za ntchito. Chigamulo cha khoti la dziko lina salipira nacho. Chithandizo cha kuchipatala cha TRICARE chimapitirira kwa mkazi wakale ngati banja linakhala zaka 20, ntchito zaka 20, ndipo zaka 20 zimenezo zinayendera limodzi, bola asakwatiwenso. Banja likathetsedwa pa zaka 19 ndi miyezi, mwayi umenewo wapita, choncho tsiku lolembedwa pa pepala la khoti ndi nkhani yaikulu.

Ndikudziwa kuti abambo ena powerenga kalatayi anena kuti ndikuphunzitsa akazi kulanda chuma. Ayi, abambo anga. Khoti la kuno silingopereka theka mwachisawawa. Limayang'ana kutalika kwa banja, zosowa za aliyense ndi za ana. Lamulo lomweli limateteza mwamuna amene mkazi wake ndiye msilikali, kapena namwino wa penshoni ya NHS, zipatala za boma za kuno, ndipo maanja otere a Chimalawi alipo ambiri kuno. Msilikali amene wabisa penshoni pokasudzula kumudzi sanadzithandizenso, pakuti ku England lamulo silinaike malire a zaka zosumira, ndipo mlandu utha kumupeza atapuma kale ntchito, ali ndi banja lina ndi ana ena. Amene waika zonse poyera n'kulandira chigamulo cha khoti la kuno, nkhani yake imatsekedwa ndipo amagona tulo.

Pempho langa kwa inu amalume ndi ankhoswe ndi lakuti chisamani cha mwana wanu amene ali kunja chikafika pakhomo panu, musachisaine ndipo musavomere kukamuimirira iye asanachione. Chijambuleni tsamba lililonse, mumutumizire tsiku lomwelo, mumuwerengere pa foni liwu ndi liwu, ndipo mumupatse mpata aonane ndi loya wa kuno asanayankhe. Mkamwini akafika mwaulemu mulandireni mwaulemu, koma mumufunse pamaso pa ankhoswe ake kuti za penshoni zikhala bwanji. Nyumba ya malata imangidwe ndithu, ndi mwambo wathu, koma isalowe m'malo mwa penshoni ya zaka 22.

Kwa inu ana anga okwatiwa ndi asilikali, sungani mtchato wanu pamalo anuanu, dziwani nambala yausilikali ya amuna anu ndi chaka chimene analowa ntchito. Zinthu zikayamba kuvuta, bungwe la Army Families Federation lili ndi anthu oona za maanja ochokera ku mayiko a Commonwealth, ndipo mabungwe othandiza mabanja a asilikali a SSAFA ndi Royal British Legion amathandiza pa za pokhala ndi uphungu. Kufunsa kumeneko si kupereka mwamuna kwa mabwana ake.

Oweruza ndi maloya a kwathu ndikuwapempha kuti akaona mlandu wa banja limene likukhala kunja, azifunsa ngati pali penshoni ya dziko lina, azionetsetsa kuti mwini wakeyo wamvadi za mlanduwo ndi khutu lake, ndipo azilemba m'chigamulo ngati za penshoniyo zasiyidwa kuti zikaonedwe kunjako. Mzere umodzi wotere umapeputsa kwambiri mlandu wa mayi akafika pamaso pa woweruza wa kuno. A Malawi Law Society ndi ofesi ya kazembe wathu ku London angathandizenso polemba tsamba limodzi lofotokoza zimenezi m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, loti lizipatsidwa kwa mtsikana aliyense amene akunyamuka kukakhala ndi mwamuna wake msilikali, ndi lina lotsala ndi ankhoswe ake kumudzi.

Ndine wanu wowerenga,
Mayi wa ku Ntcheu,
Wiltshire, England